Tidawauza a khansala, nanga yankho lili kuti?

Mjigo wa m'mudzi wa azakhali anga, kumunsi kwa phiri, udasiya kutulutsa madzi mvula itangokata. Ukapopa, chogwirira chinkangopepuka m'manja, pansi n'kumamveka kulira kwa chitsulo, madzi osabwera. Amayi adabwerera kumtsinje. Patatha masabata awiri m'mudzi woyandikana nawo mudagwa maliro, ndipo a khansala adabwera kudzakhuza. Mwambo utatha azakhali adawatsatira pomwe adaimika njinga yawo yamoto, nanyonyomala pang'ono.

"A khansala, pepani kukuimitsani pamaliro. Mjigo wathu uja wafa. Tikumwa za mumtsinje, ana ayamba kutsegula m'mimba."

"Ndamva, mayi. Ndikaitula koyenera nkhaniyi."

Padapita miyezi isanu kuli zii. Azakhali adagamula okha mlandu: anthu awa amatifuna nthawi ya mavoti basi. Koma tsiku lina ndidakhala pakhonde ndi mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'deralo, ndipo adanditsegulira kope lake lachikuto cholimba, lomwe m'mphepete mwake mudali mutafiira ndi fumbi. Nkhani ya mjigo idalimo. Idakambidwa pamsonkhano, mmisiri wa mijigo adabwera n'kupeza kuti mapaipi adagwera pansi, ntchitoyo idaposa ndalama zomwe mudzi umasonkha, ndipo mjigowo adauika pamndandanda wa yofunika kukonzedwa, pa nambala 4. Zonsezi zidachitika popanda mayi ndi mmodzi yemwe wotunga pamjigopo kumva. Dandaulo lidayenda ulendo wake, koma yankho silidabwerere komwe dandaulolo lidachokera.

Chisankho cha pa 16 September 2025 chidatipatsa makhansala oti atumikire zaka zisanu, ndipo funso lomwe limamveka pamisika ya ku Mulanje ndi Thyolo, monga Chitakale, Limbuli, Bvumbwe ndi Goliati, ndi lomweli: munthu ukanena vuto kwa khansala, limapita kuti, ndipo ndani ayenera kudzakuuza pomwe lafika? Kuti timvetse, tiyenera kumasula mfundo zingapo zomwe nthawi zambiri timaziphatikiza.

Khansala ndi ndani kwenikweni?

Khansala ndi munthu amene anthu a m'wodi imodzi amamusankha pavoti kuti akawaimirire kukhonsolo. Wodi ndi kachigawo ka dera la phungu, ndipo m'maboma akumidzi dera limodzi la phungu kawirikawiri limagawidwa mawodi awiri. Dziko lino lili ndi makhonsolo 35. Kuno kwathu alipo atatu oyandikana: ya Mulanje, ya Thyolo, ndi ya Luchenza, yomwe ili ndi makhansala akeake ngakhale tauniyo ili m'boma la Thyolo.

Liwu loti khonsolo limasokoneza chifukwa timaligwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri. Pali bwalo la osankhidwa, momwe makhansala amakhala pansi ndi aphungu, mafumu aakulu ndi oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi anthu aulumali. Mafumu ndi oimira magulu amalankhula koma savota. Ndiye pali maofesi a bwanamkubwa, yemwe timangomuti a DC, pamodzi ndi akuluakulu a zamapulani, zachuma, zomangamanga, zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi. Awa sitiwavotera, ndi olembedwa ntchito. Bwalo loyamba limavomereza mapulani ndi bajeti, limapanga malamulo aang'onoang'ono a m'boma, ndipo limayang'anira momwe ntchito ikuyendera. Maofesi ndiwo amagwira ntchitoyo. Choncho khansala sasaina cheke, ndipo sangadzuke m'mawa n'kulamula galimoto yokumba mijigo kuti ipite kwakuti.

Fanizo lapafupi ndi nkhoswe. Nkhoswe si mwini banja ndipo sagula ufa wa m'nyumbamo, koma mawu a mbali ino amawatula mbali inayo, n'kubweranso ndi yankho. Nkhoswe yomwe imangopita osabwerako, ngakhale ikalankhule bwino chotani kumeneko, kwa amene adaituma ntchito sinagwirike.

Mbiri ya udindowu ndi yodukaduka, ndipo kudukadukako kukufotokoza zambiri za lero. Makhonsolo a m'maboma adakhazikitsidwa ndi lamulo la atsamunda la 1953, nthawi yomwe maboma athu ankalembedwa kuti Mlanje ndi Cholo. M'nthawi ya chipani chimodzi mphamvu zawo zidachepa, zinthu zambiri n'kumagamulidwa kulikulu. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, m'gawo 146, adapatsa maboma aang'ono udindo woimirira anthu ndi kutukula madera awo, ndipo mu 1998 kudabwera lamulo la maboma aang'ono pamodzi ndi ndondomeko yomwe idatchuka ndi dzina loti mphamvu ku anthu. Chisankho choyamba cha makhansala mu ulamuliro wa zipani zambiri chidachitika mu November 2000, ndipo mwa anthu 100 alionse olembetsa, pafupifupi 14 okha ndiwo adakavota. Nthawi ya makhansala amenewo itatha mu 2005, chisankho china sichidachitike mpaka pa 20 May 2014.

Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo si zochepa. Mwana wobadwa mu 2005 adafika Sitandade 3 kapena 4 asanaonepo khansala ndi maso. Akuluakulu nawo adazolowera kuti vuto la mlatho, la sukulu, ngakhale la bokosi la maliro, limapita kwa phungu kapena kwa amfumu. Makhansala atabwerera adapeza mipando yawo muli kale anthu. Pamwamba pa izo, lamulo lidasinthidwa mu 2010: mawodi adachepetsedwa, n'kukhala aakulu, ndipo aphungu adapatsidwa voti m'khonsolo. Mu 2000 mawodi adali oposa 800, mu 2014 ndi 2019 adali 462, ndipo mu 2025 adafika 509. Tikagawa chiwerengero cha anthu cha kalembera wa 2018 ndi mawodi 462 aja, khansala mmodzi ankaimirira anthu pafupifupi 38,000. Kalembera yemweyo adapeza anthu oposa 680,000 ku Mulanje ndi oposa 720,000 ku Thyolo, maboma omwe anthu adathithikana kwambiri chifukwa malo ambiri ndi minda ya tiyi. Munthu mmodzi wa njinga yamoto sangagogode pakhomo lililonse.

Makwerero a dandaulo: VDC ndi ADC

Chifukwa khansala sangafike paliponse, boma lidakonza makwerero. Pansi penipeni pali komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, yomwe imakhala pansi pa gulupu mmodzi ndipo mamembala ake amasankhidwa ndi anthu a m'midzi yake. Pamwamba pake pali ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu, monga kwa Mabuka, kwa Chikumbu, kwa Nchilamwela kapena kwa Bvumbwe. Pambali pa ADC pamakhala komiti ya alangizi a boma ogwira ntchito m'deralo, a zaulimi, a zaumoyo, a zamaphunziro, a zamadzi, omwe amaunika ngati chomwe anthu apempha n'chotheka ndi zomwe chingafune. Zofuna za midzi zimalembedwa m'mapulani a m'midzi, ndipo mapulaniwo ndiwo amayenera kubala pulani ya chitukuko ya boma lonse, ya zaka zisanu. Khansala amakhala nawo pamisonkhano ya ADC, ndipo kuchokera pamenepo amanyamula nkhani kupita nazo kumakomiti a khonsolo ndi kumsonkhano waukulu wa khonsolo yonse, womwe umayenera kuchitika kamodzi pa miyezi itatu.

Makomiti a chitukuko adaliko ngakhale m'nthawi ya chipani chimodzi, koma kaganizidwe koti mudzi uzisankha wokha chomwe ukufuna kadakula m'zaka za m'ma 1990. Ambiri amakumbukira pulogalamu ya chitukuko ya MASAF, pomwe midzi inkaumba njerwa n'kututa mchenga, boma n'kubweretsa simenti ndi malata.

Kuno tonse timadziwa ulendo wa tsamba la tiyi. Wothyola amadzaza dengu, amapita nalo pasikelo, kilaliki amalemba makilogalamu pa dzina lake, thirakitala n'kunyamula masambawo kupita kufakitale. Masamba ake amasakanikirana ndi a anthu ena mazanamazana, koma iye sadandaula, chifukwa chomwe adapereka chidalembedwa ndipo pakutha pa nthawi adzaona ngati malipiro akugwirizana ndi zolembedwazo. Dandaulo nalo limasakanikirana ndi ena likamakwera: gulupu mmodzi abweretsa mjigo, wina kalavati, wina nyumba ya mphunzitsi, ndipo ADC iyenera kusanja choyamba ndi chotsiriza. Kusiyana kwake n'kwakuti wodandaula sapatsidwa kapepala. Sadziwa ngati nkhani yake idalembedwa, tsiku lomwe idakambidwa, kapena nambala yomwe idapatsidwa.

Pamapepala, makwerero omwewo ndiwo ayenera kutsitsa yankho. Woimira VDC akabwera ku ADC amayenera kukafotokozera komiti yake, komiti n'kupempha a gulupu kuti aitanitse msonkhano wa anthu onse. Apa ndi pomwe unyolo umaduka kawirikawiri, ndipo sikuti nthawi zonse ndi ulesi. Mamembala a makomitiwa ndi ongodzipereka, salandira malipiro. Munthu amasiya khasu, kulipira kabaza ndi ndalama yake, kukakhala tsiku lonse pamsonkhano, ndiye abwere ndi uthenga woti ndalama palibe. Uthenga wotere suthamangitsa munthu kukaitanitsa mudzi. Pokwera pamakhala wokankha, poti wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Potsika palibe amene m'mimba mukumupweteka, kupatula uja ali kumudzi amene sakudziwa n'komwe kuti yankho lilipo.

Vutoli mwini wake ndani?

Gawo lina la chisokonezo n'lakuti si vuto lililonse looneka m'wodi lomwe lili m'manja mwa khonsolo. Msewu wa M2, wochoka ku Limbe kudzera ku Thyolo, Luchenza ndi Mulanje mpaka kuchipata cha Muloza, ndi wa bungwe loona za misewu la Roads Authority. Misewu yafumbi yolowa m'midzi, timilatho ndi makalavati ake, yambiri ndi ya khonsolo. Misewu ina yodutsa m'minda ya tiyi ndi ya eni esiteti, ngakhale anthu onse amayendamo. Madzi a m'mipopi ya m'matauni ndi a Southern Region Water Board, pomwe mipopi yambiri ya kumidzi, ya madzi otsika okha kuchokera kuphiri, imayendetsedwa ndi mabungwe a anthu omwe amamwa madziwo. Mjigo ukawonongeka pang'ono, udindo woyamba ndi wa komiti ya pamjigo, yomwe imasonkhetsa ndalama zogulira zipangizo ndi kulipira mmisiri. Thiransifoma ikapsa ndi nkhani ya ESCOM. Mkangano wa malire a munda umayambira kwa nyakwawa.

Namondwe wa Freddy, mu March 2023, adaonetsa izi poyera. M'masiku ochepa milatho, mipopi, mijigo, makalasi ndi minda zidawonongekera pamodzi ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi maboma ena, ndipo chilichonse chidali ndi mwini wake wosiyana. Thandizo la mwadzidzidzi linkadzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, ndi makomiti ake a m'midzi. Kwa munthu amene nyumba yake yapita ndi madzi, kusiyanitsa maofesi onsewa n'kosatheka. Amene amamudziwa nkhope ndi khansala.

Pa nkhani zotere khansala ali ngati dokotala wa pachipatala chaching'ono amene walandira matenda omuposa. Sangachite opaleshoni, koma angalembe kalata yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu, n'kumuuza komwe akupita ndi chifukwa chake. Kungomva kuti "iyi si ya khonsolo, ndi ya akutiakuti, ndipo kalata tidatumiza tsiku lakuti" kumathandiza mudzi kudziwa khomo loyenera kugogoda.

Ndalama ndi kalendala

Ngakhale vuto litakhala la khonsolo, silikonzedwa ndi ndalama za m'thumba limodzi. Khonsolo imatolera yokha ndalama zina, monga za matikiti a m'misika ndi ziphaso za malonda, koma m'maboma akumidzi ndalamazi n'zochepa poyerekeza ndi zofunika. Zambiri zimachokera kulikulu kudzera ku National Local Government Finance Committee, bungwe loona za ndalama za makhonsolo. Pofika mu 2025 padali thumba la chitukuko cha m'maboma, DDF. Padalinso ndalama za pulojekiti ya GESD, yothandizidwa ndi World Bank, zomwe khonsolo inkalandira malinga ndi momwe yakhozera pa kuunika kwa chaka ndi chaka. Ndipo pali thumba la chitukuko cha dera la phungu, CDF, lomwe lidayamba mu 2006, nthawi yomwe makhansala kudalibe, ndipo mu 2024 lidafika pa K200 miliyoni pa dera lililonse.

Thumba la CDF ndilo lakhala pakati pa mkangano wa aphungu ndi makhansala kwa zaka zambiri. Aphungu amati anthu amawafunsa iwo za chitukuko, ndiye sangakhale kunja kwa thumbalo. Makhonsolo, kudzera m'bungwe lawo la MALGA, amati ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza boma, ndipo munthu sangalondoloze ndalama zomwe iye mwini akuziyendetsa. Mu May 2025 khoti lomasulira malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti kutenga mbali kwa aphungu poyendetsa thumbali, komanso kuvota kwawo m'khonsolo, n'kosemphana ndi malamulowo. Kwa wokhala kumudzi, tanthauzo la mkanganowu ndi losavuta: pomwe sizikudziwika bwino amene akugamula, sizidziwikanso amene ayenera kudzafotokoza.

Kalendala nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March. Kalavati yomwe yakokoloka ndi mvula ya February imapeza bajeti ya chaka chotsatira itakonzedwa kale kapena ili kumapeto, ndipo ikaphonya pamenepo ikhoza kudikira chaka chathunthu. Ikalowa m'bajeti, pamafunikabe kuti ndalama zifike kuchokera kulikulu, zomwe nthawi zina zimachedwa, kenako kuitanitsa makontirakitala ndi kusankha mmodzi. Pachigayo munthu amapirira mzere wautali chifukwa akuona matumba omwe ali patsogolo pake, ndipo magetsi akazima aliyense amaona yekha kuti chigayo chaima. Mzere wa kukhonsolo ulipo ndithu, koma oimapo sauona, ndipo ukaima palibe chowadziwitsa kuti waima chifukwa chiyani.

Njira zomwe yankho limadzera

Palibe njira imodzi yomwe makhansala onse amatsata. Zomwe zimachitika ndi kusakaniza njira zingapo, iliyonse ndi ubwino ndi chilema chake.

Yakale kwambiri ndi msonkhano wa pabwalo la mfumu. Ubwino wake ngwakuti aliyense amamva ndi makutu ake, wosadziwa kuwerenga samanidwa, ndipo munthu angathe kuimirira n'kufunsa. Koma kuno anthu ambiri amagwira ntchito m'maesiteti kuyambira m'mamawa, makamaka nyengo ya dzinja pomwe tiyi wachuluka, ena ali kumsika kapena awoloka kupita ku Milange kukaoda katundu. Msonkhano wa Lachitatu m'mawa umapeza okalamba ndi amayi a ana aang'ono. Makhansala ena amanenanso kuti akaitanitsa msonkhano anthu amayembekezera kulandira kanthu, ndipo ukapanda kubwera ndi kanthu ulendo wotsatira sabwera. Anthu nawo amayankha kuti adatopa ndi misonkhano yomwe imasanduka kampeni.

Chifukwa cha zimenezi mauthenga ambiri amadzera pomwe anthu asonkhana kale: pamaliro, pa zolengeza za kutchalitchi ndi kumzikiti, pamsonkhano wa makolo kusukulu, pasikelo ya ana. Pamaliro pamafika anthu ambiri kuposa msonkhano uliwonse, koma si malo ofunsirana mafunso, ndipo chomwe chanenedwa pamenepo sichilembedwa paliponse. Azakhali anga adadandaula pamaliro, ndipo sadathe kudziwa ngati mawu awo adalowa m'kope kapena adatsalira panjira.

Foni yasintha zinthu kwambiri. Nambala ya khansala imadziwika ndi anthu ambiri m'wodi, ndipo imalira usana ndi usiku, ena kungoflasha kuti awaimbire. Madera ambiri ali ndi magulu a pa WhatsApp momwe muli khansala, mafumu ena, aphunzitsi, azaumoyo ndi ana a m'deralo okhala ku Blantyre kapena ku Joni. Munthu akajambula mlatho wothyoka, chithunzi chimafika kwa onse nthawi yomweyo, ndipo yankho la khansala limatsala lolembedwa, loti mawa munthu angathe kulibwereza. Ichi n'chinthu chachikulu. Koma amene ali m'magulumo ndi okhala ndi foni zamakono ndi ndalama ya bandulo, ambiri mwa iwo amuna ndi achinyamata. Mayi wotunga pamjigo, amene vuto limamukhudza tsiku ndi tsiku, kawirikawiri salimo. Zimatheka mwana wa ku Joni kudziwa kuti kontirakitala abwera mwezi wamawa, mayi ake kumudzi asakudziwa. Ndipo magulu ena amagawikana potsata zipani, moti uthenga wa chitukuko cha onse umangozungulira mwa otsatira a munthu mmodzi.

Wailesi imafika komwe foni yamakono sifika. Mawailesi a m'madera, monga Mzati ku Mulanje, amatha kuika atsogoleri ndi anthu pa pulogalamu imodzi, omvera n'kumaimba foni. Mabungwe monga NICE Trust amakonzanso misonkhano yokumanitsa anthu ndi atsogoleri awo maso ndi maso. Njirazi ndi zamphamvu, koma zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri zimadalira thandizo la ndalama la pulojekiti.

Yotsiriza ndi zolembedwa: bolodi la zidziwitso kumaofesi a khonsolo, tsamba la khonsolo pa Facebook, ndi chikwangwani chomwe chimaikidwa pamalo a ntchito chosonyeza dzina la pulojekiti, thumba lomwe ndalama zachokera, kontirakitala ndi nthawi yomalizira. Chikwangwani chotere, chikakhala ndi mtengo wa ntchitoyo ndipo chalembedwa m'Chichewa, chimapatsa mudzi poyambira kufunsa. Koma chimangonena za ntchito yomwe yavomerezedwa. Pempho lomwe lakanidwa kapena laimikidwa lilibe chikwangwani, ndipo munthu wa ku Thekerani sangakwere galimoto kupita ku Thyolo boma kukangowerenga bolodi.

Ndikaziyang'ana njira zonsezi ndimaona kuti zimanyamula bwino uthenga wokoma. Tsiku lotsegulira mlatho aliyense amadziwa, zokuzira mawu zimayenda. Uthenga womwe umasowa wonyamula ndi uja woti "chaka chino sizitheka", kapena "mwaikidwa pa nambala 4". Kwa munthu wosankhidwa pavoti, kunena mawu amenewa pagulu n'kolemera, chifukwa wopikisana naye ali pomwepo kumvetsera. Komabe limenelo ndi yankho, ndipo mudzi ukalimva umatha kuganiza zochita: kusonkha ndalama zoonjezera, kupempha kwina, kapena kuthira mankhwala m'madzi a kumtsinje podikira.

Lamulo likutipatsa chiyani?

Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga womwe boma likusunga. Lamulo lofotokoza momwe ufuluwu ugwirire ntchito lidasainidwa mu 2017 ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo likuyang'anira. Pansi pa lamuloli ofesi ya boma, kuphatikizapo khonsolo, iyenera kukhala ndi munthu wolandira mapempho a uthenga, ndipo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Wosadziwa kulemba angathe kupempha pakamwa, wa muofesiyo n'kumulembera. Lamulo la maboma aang'ono limalolanso anthu wamba kukamvera nawo misonkhano ya khonsolo, kupatula pomwe pakukambidwa nkhani zachinsinsi. Amene akuona kuti ofesi ya boma yamuchitira zosalungama angathe kukadandaula kwa Ombudsman, yemwe amafufuza madandaulo okhudza maofesi a boma.

Zili ngati buku la kuchipatala lija: zomwe dokotala walemba zokhudza iwe uli ndi ufulu woziona. Kusiyana kwake n'kwakuti bukulo umayenda nalo wekha, pomwe maminitsi a ADC ndi bajeti ya khonsolo uyenera kuchita kukazipempha. Malamulowa amatsegula khomo kwa amene wapita kukafunsa. Sanena kuti khansala azichititsa msonkhano wofotokozera anthu kangati pachaka, kapena kuti dandaulo lililonse liyankhidwe pofika tsiku lakuti. Ndipo chilango chachikulu chomwe ovota ali nacho m'manja ndi voti, yomwe imabwera kamodzi pa zaka zisanu.

Mafunso omwe akadali poyera

Loyamba ndi la udindo. Kodi kubweza yankho ndi ntchito ya khansala, ya wapampando wa ADC, ya a gulupu, kapena ya maofesi a bwanamkubwa omwe ndiwo amadziwa pomwe ndalama ndi kontirakitala zafika? Makhansala ena amadandaula kuti nawonso amamva mochedwa kuchokera kumaofesi, ndiye sangapereke chomwe sadalandire. A m'maofesi angayankhe kuti malipoti amaperekedwa m'makomiti momwe makhansala omwewo amakhala.

Lachiwiri ndi la ndalama yoyendera. Makhansala salandira malipiro ngati a phungu, amalandira ndalama yowathokoza ndi maalawansi, ndipo mafuta oyendera wodi yamapiri ngati za ku Thekerani si ochepa. Ena amati popanda ndalama yapadera ya misonkhano ya m'wodi, kuyembekezera kuti khansala azifika paliponse n'kumunamizira. Ena amaopa kuti ndalama yotere ingathere m'misonkhano ya chipani. Nanga mamembala a VDC ndi ADC, adzapitiriza mpaka liti kuyendera ndalama za m'thumba mwawo?

Pali funso la kaundula. Kodi zingatheke kuti VDC iliyonse ikhale ndi buku la madandaulo loti aliyense angalione, lokhala ndi tsiku, nkhani, komwe yatumizidwa ndi yankho, n'kumawerengedwa pabwalo mwezi ndi mwezi? Mapulogalamu ena, monga Mtukula Pakhomo ndi ntchito zotukula madera zolipidwa, ali kale ndi makomiti olandira madandaulo. Kodi njira imeneyo ingafalikire ku nkhani za mijigo ndi misewu? Ndipo munthu amene akudandaula za mfumu yake, kapena za komiti yomweyo, angalembetse dzina lake m'buku lotere mopanda mantha?

Funso la CDF silinathe. Thumbali likamakula, amene ali ndi mawu otsiriza pa ntchito zake ndiye adzafunsidwe kwambiri, ndipo sizinakhazikike ngati ameneyo adzakhale phungu, khansala, ADC kapena bwanamkubwa. Palinso funso la chilankhulo ndi njira: mabajeti ndi maminitsi ambiri a kukhonsolo amalembedwa m'Chingerezi, pomwe anthu a kuno amalankhula Chichewa, ena Chilomwe ndi Chimang'anja. Ndani awamasulire, ndipo uthenga womwe wafika pa WhatsApp udzatsika bwanji kufika kwa mayi amene ali pamzere wa kumtsinje ndi ndowa yake, wopanda foni?